Maso atsogole, phazi litsatire: kuphunzitsa ana kuona bwalo mpira usanawafike

Pa 25 Januwale 2022, mumzinda wa Yaoundé ku Cameroon, m'mphindi ya 7 ya masewero a Flames ndi Morocco, Gabadinho Mhango anauswa mpira ali mamita oposa 30 kuchokera pagolo, ndipo unadutsa pamwamba pa goloboyi Yassine Bounou n'kukagwera muukonde. Masewerowo tinagonja 2-1, koma chigoli chimenecho ana akuchiyesererabe m'mabwalo afumbi a ku Ndirande ndi ku Bangwe. Iwo amatengera kamenyedwe kake, osadziwa kuti mwendo unabwera pambuyo. Munthu samenya mpira pamtunda wotero asanaone kuti goloboyi watayana ndi mzere wake.

Malangizowa ndalembera inu amene mumaphunzitsa ana mpira m'madera athu muno mu Blantyre, kaya ku Chilomoni, ku Zingwangwa, ku Mbayani kapena ku Machinjiri, kaya ndi mpira wamiyendo kaya ntchemberembaye. Ambiri timathera masana onse tikuthamangitsa ana kuzungulira bwalo, ndipo mwana akalandidwa mpira timati ndi waulesi. Kawirikawiri mwanayo si waulesi ayi. Waona mochedwa, ndipo kuona msanga kumaphunzitsika.

Zoyenera kudziwa musanayambe

Diso likaona chinthu, uthenga umapita ku ubongo, ubongo n'kusankha chochita, kenako n'kulamula minofu. Ulendo wonsewu umatenga pafupifupi masekondi 0.2 kwa munthu wathanzi, pamene akuyembekezera chinthu chimodzi chokha ndipo akudziwa kale chochita. Khutu limafulumirako pang'ono. N'chifukwa chake pa mpikisano wothamanga mamita 100, amene wanyamuka pasanathe masekondi 0.1 chilirire mfuti amatengedwa kuti wabera, popeza opanga malamulowo amati thupi la munthu silingamve ndi kuyankha msanga chotero. Zosankha zikachuluka, kupatsira kumanja kapena kumanzere, kuthamanga nawo kapena kubweza, nthawi ija imatalika. Mdani amene akukuthamangira amakhala wadya kale mamita awiri kapena atatu iwe ukuganizabe.

China ndi diso lenilenilo. Tambasulani mkono, muyang'ane chikhadabo cha chala chanu chachikulu. Malo amene diso limaona bwinobwino ndi ochepa ngati chikhadabo chimenecho. Zam'mbali timaziona mwachimbuuzi, ngakhale kuti chinthu chikamayenda kumeneko timachizindikira msanga. Zakumbuyo sitiziona n'komwe. Choncho mwana amene maso ake amatirira pampira sadziwa chimene chikuchitika pa theka lonse la bwalo, ndipo palibe mankhwala ena koma kutembenuza khosi.

Choyamba: werengani

Musanasinthe chilichonse, sankhani mwana mmodzi wosewera pakati. Masewero akayamba, inu musiyeni mpira, muziyang'ana mutu wa mwanayo basi. N'zovuta, chifukwa maso anunso amakokedwa ndi mpira. Werengani kuti pa masekondi 10 mpira usanamufike, wachotsa maso pampira kangati kuti aone kumbali kapena kumbuyo. Ngati muli ndi foni yojambula, pemphani wina aime pachulu kapena pakhonde la kalasi amujambule, mukawerenge bwino madzulo.

Njira imeneyi si yanga. Geir Jordet, mphunzitsi wa pasukulu yaukachenjede ya zamasewero ku Oslo m'dziko la Norway, wakhala zaka zambiri akuwerenga zomwezi pa osewera a m'maligi akuluakulu a ku Ulaya. Anapeza kuti amene amayang'anayang'ana kwambiri mpira usanawafike ndi amenenso amapatsira molondola, makamaka mipira yopita kutsogolo. Xavi wa Barcelona ankatembenuza mutu pafupifupi ka 8 pa masekondi 10. Musadabwe mukapeza kuti mwana wanu wodalirika sanatembenuke ngakhale kamodzi. Lembani nambala yake m'kope, mudzawerengenso pakatha mwezi.

Chachiwiri: nthawi yoyang'ana, ndi choyang'anacho

Kungomuuza mwana kuti "dzutsa mutu" sikokwanira. Ena amayamba kupukusa mutu uku ndi uku kuti akusangalatseni, koma osaona kanthu. Muuzeni zinthu zitatu zofuna: mdani ali pati, mnzako ali pati, mpata uli pati. Kwa ana osafika zaka 10, yambani ndi chimodzi chokha, mdani.

Nthawi yake ilinso ndi malamulo. Pamene mnzake wakweza mwendo kuti amenye, maso akhale pampira, chifukwa apo ndi pamene amadziwira mphamvu ndi njira yake. Nthawi yabwino yoba kayang'anidwe ndi pamene mpira ukuyenda kuchoka kwa mnzake wina kupita kwa wina, kapena pamene mnzake waukankhira patsogolo ndipo sanaufikirenso. Mpira ukakhala wochokera kutali, akhoza kuyang'ananso kamodzi uli m'njira.

Yambani ndi ana atatu pamzere umodzi, motalikirana mapazi 10 kapena 12. Woyamba ali ndi mpira, wachiwiri ali pakati, wachitatu ali kumbuyo kwa wapakatiyo. Woyamba asanapatsire, wakumbuyo akweze dzanja limodzi, lamanja kapena lamanzere. Wapakati ayang'ane paphewa pake, atchule dzanjalo mokweza, alandire mpira. Muona ana akuphonya mpira poyamba, ena akutchula mongolota. Asiyeni, musawakalipire.

Koma apa musakhalitsepo. Kutchula dzanja kumaphunzitsa khosi kutembenuka, koma m'masewero enieni palibe amene amakukwezera dzanja. Pakangotha masiku ochepa, wakumbuyo uja asanduke mdani weniweni. Mpira ukamanyamuka, iye asankhe yekha: athamangire kumanja kwa wapakati, kumanzere kwake, kapena angoima pomwe ali. Akabwera kumanja, wapakati atembenukire kumanzere ndi mpira. Akabwera kumanzere, atembenukire kumanja. Akamukakamira kumsana, abweze mpira kumene wachokera ndi kukhudza kumodzi. Akangoima patali, atembenuke momasuka n'kumuyang'ana maso ndi maso. Tsopano chimene diso laona ndicho chikulamula phazi, ndipo phunziro lonse lagona pamenepa.

Yang'anitsitsaninso kaimidwe. Mwana amene walozetsa chifuwa chonse kwa wopatsira wafulatira bwalo, ndipo kuti aone kumbuyo ayenera kupotoza khosi lonse. Muimikeni chammbali, phewa limodzi kwa wopatsira, linalo kugolo la adani, ndipo alandire ndi phazi limene lili kutali ndi mpira. Akaima choncho, kungosuntha mutu pang'ono waona kale zonse. Mugwireni mapewa mumutembenuze ndi manja anu kuti thupi lake limve kusiyana kwake, chifukwa mawu okha sakwanira.

Pali vuto limodzi lathulathu limene mabuku a kunja salitchula. Pabwalo la Kamuzu Stadium pali kapeti, mpira umayenda mowongoka. Pamabwalo athu ambiri pali miyala, mizu ndi ngalande zokumbidwa ndi mvula, ndipo mpira umadumpha mosayembekezereka pa mita yomaliza. Mwana sangachotse maso pampira nthawi imeneyo, ndipo musamukakamize. Muphunzitseni kuyang'ana msanga, mpira usananyamuke kwa mnzake, kuti maso abwerere pampira nthawi ikadalipo. Ana okulira pamabwalo otere, amene anayamba ndi mpira wachikulunga, mapazi awo amamva mpira bwino kwambiri, ndipo mukawatsegula maso mumakhala mwawapatsa zonse ziwiri.

Chachitatu: timasewero tating'ono tambirimbiri

Mukaima pamene akuluakulu akusewera bawo pamsika wa ku Limbe, muona kuti katswiri sawerenga njombwa dzenje lililonse. Amangoponya diso n'kudziwa potapa, chifukwa kakhalidwe kameneko anakaonapo kambirimbiri. Wosewera mpira wozolowera amachitanso chimodzimodzi: saganiza njira zonse n'kuzisiyanitsa, amangozindikira kuti izi ndinaziona, ndipo thupi limanyamuka. Mu 2003, Joseph Johnson ndi Markus Raab anaonetsa osewera handball (mpira wogoletsa ndi manja) mafilimu a masewero, n'kumawaimitsa pakatikati kuti osewerawo anene chimene akanachita. Anapeza kuti ganizo loyamba kubwera m'mutu ndilo linkakhala labwino kuposa amene ankabwera pambuyo, munthu atayamba kusinkhasinkha.

Ganizo loyamba limakhala labwino mwa munthu amene waona zambiri. Ndiye ntchito yanu ndi kuchulukitsa zimene mwana akuona ndi kusankha. Mu masewero a anthu 11 mbali iliyonse, mwana wina amatha mphindi zisanu osaukhudza mpira. Gawani bwalo ndi mabotolo kapena njerwa, ana asewere anayi anayi. Ikani tizigolo tinayi, tiwiri mbali iliyonse, m'makona. Timu ikatseka golo lakumanja, lakumanzere limatseguka, ndipo amene wadzutsa mutu ndi amene amaliona. Simufunikanso kulalikira, kasewero komweko kamalanga wosayang'ana.

Mukaona kuti azolowera, sinthani lamulo limodzi. Lero munthu asaukhudze koposa kawiri. Mawa chigoli chiwerengedwe pokhapokha mpira utadutsa mbali zonse ziwiri za bwalo. Tsiku lina timu ina ikhale ndi munthu mmodzi woonjezera. Tsiku linanso chepetsani bwalo kuti adani afike msanga. Zoimika ana pamzere wautali, aliyense n'kumadikira kuti azungulire mabotolo yekha popanda mdani, zichepetseni. Botolo silisuntha, ndiye palibe chosankha.

Chachinayi: khutu, ndi pakamwa panu aphunzitsi

Zimene diso silingaone, mnzako akhoza kukuonera. Gwirizanani mawu ochepa, aafupi, oti timu yonse iziwadziwa: "Munthu!" ngati mdani ali kumsana, "Tembenuka!" ngati kuli mpata, "Bweza!" ngati njira yatsekeka. Lamulo likhale lakuti wopatsira mpira aperekenso liwu, ndipo alinene mpira ukunyamuka, osati utafika. Liwu lochedwa limangosokoneza. Izi zimathandizanso wopatsirayo, chifukwa sangauze mnzake zakumbuyo iye asanayang'ane.

Tsopano ndinene chimene chimandipweteka mtima ndikamaonera mpira wa ana. Mwana walandira mpira, ndipo kunja kwa bwalo aphunzitsi akukuwa kuti "Menya!", bambo ake akuti "Thamanga nawo!", achimwene ake akuti "Patsira!" Mwana uja amasiya kuyang'ana bwalo, amayamba kumvetsera kunja. Akachita bwino, wachita zimene wauzidwa. Akalakwitsa, amatembenukira kwa inu ndi maso amantha. Zaka zisanu za moyo wotere zimatulutsa mnyamata wamphamvu, waliwiro, koma wosatha kusankha yekha. Ndipo tsiku limene adzasewere pamaso pa chikhamu, monga zimakhalira Maule akakumana ndi Manoma, ng'oma ndi mavuvuzela zili pakamwa, mawu a pabenchi sadzawamva. Adzatsala ndi maso ake okha.

Choncho mwana akakhala ndi mpira, khalani chete. Lankhulani mpira usanamufike, ndipo liwu lanu likhale limodzi: "Yang'ana!" Mpira ukatuluka kapena pa nthawi yopuma, muitaneni pambali mumufunse modekha kuti, "Iwe, unaona chiyani paja?" Funso limeneli limakuuzani pamene pali vuto. Akati sanaone kuti mnzake ali yekha kumanzere, vuto ndi kuyang'ana, bwererani ku phunziro lachiwiri. Akati anamuona koma anaganiza zodutsa yekha, vuto ndi kusankha, kambiranani. Akati anamuona ndipo anafuna kumupatsira koma mpira unapita kwina, maso ndi mutu zili bwino, chofunika ndi kuphunzitsa phazi. Mavuto atatuwa ndi osiyana, ndipo amene amangokalipa amawathira mankhwala amodzi. Mwana amene waona bwino n'kusankha bwino muyamikireni pamaso pa anzake, ngakhale mpirawo utatayika. Makolo nawonso auzeni mwaulemu masewero asanayambe kuti kuchemerera n'kwabwino, koma zosankha azisiyire ana.

Chachisanu: kuwerenga thupi la mdani

Penate imamenyedwa pa mamita 11, ndipo mpira womenyedwa mwamphamvu umafika pagolo pa theka la sekondi kapena kucheperapo. Goloboyi amene akudikira kuti aone kumene mpira walowera ndiye adzagwe, amagwa mpira uli kale muukonde. Ayenera kuwerenga womenyayo. Maso a womenya amanama, mapewa amanamanso. Zovuta kunamiza ndi phazi lopondera, limene kawirikawiri limaloza kumene mpira upite, ndi chiuno: chikatseguka, womenya ndi mwendo wamanja akuutumiza kumanja kwa iye womenyayo.

Phunzitsani chonchi. Goloboyi aime pagolo koma asagwe. Ntchito yake ndi kungokuwa "kumanja", "kumanzere" kapena "pakati" phazi la womenya lisanakhudze mpira. Omenya azisinthana, amanzere ndi amanja omwe. Akayamba kulondola kawirikawiri, ndiye ayambe kugwa. Musaiwale zapakatizo. Michael Bar-Eli ndi anzake ataunika mapenate 286 a m'mipikisano ikuluikulu, analemba mu 2007 kuti pafupifupi mapenate atatu mwa 10 aliwonse ankapita pakati pa golo, koma magoloboyi ankaima pakati pa mapenate 6 okha mwa 100. Goloboyi amaopa kuoneka ngati sanachite kanthu, ndiye amangodzigwetsa. Muuzeni wanu kuti kuima nakonso ndi chisankho, ndipo simudzamudzudzula.

Otchinga kumbuyo aphunzire zomwezi. Wanjomba amavinitsa miyendo ndi mapewa kuti umutsatire, koma sangapite kumene chiuno chake sichinapite. Maso akhale pakati pa chiuno ndi mpira. Kuti mumvetse kuchuluka kwa zimene thupi la munthu limaulula, mu 2011 Cristiano Ronaldo anayesedwa m'chipinda momwe ankamuponyera mpira kuchokera kumbali n'kuzimitsa magetsi mpirawo uli m'malere, kenako n'kuzimitsa pamene woponyayo ankaumenya kumene. Anagoletsabe mumdima. Zimene anaona pathupi la womenyayo zinamukwanira kudziwa kumene mpira udzafikire.

Pa kugoletsa, diso limagwira ntchito mosiyana: m'malo moyendayenda, liyenera kudekha. Joan Vickers wa ku yunivesite ya Calgary ku Canada anaonetsa mu 1996, pa osewera basketball, kuti odziwa kuponya amakhazika maso pamalo amodzi a golo kwa nthawi yotalikirapo asanaponye, pamene ophonyaphonya maso awo amadumphadumpha. Kwa atsikana athu a ntchemberembaye, amene amalota zodzafika pamene anafika Mwawi Kumwenda, amene anasankhidwa kukhala wosewera bwino koposa pa mpikisano wa dziko lonse wa 2015 ku Sydney, phunziroli n'lofunika kwambiri. Lamulo limapatsa wosewera masekondi atatu okha ali ndi mpira m'manja, ndipo wotchinga amaima mamita 0.9 patsogolo pake, manja ali m'mwamba. Wogoletsa asankhe kadontho kamodzi pamkombero wa golo, nthawi zonse komweko, akhazikepo maso kwa sekondi yathunthu, apume mpweya kamodzi, aponye. Manja a wotchinga asawayang'ane. Osewera pakati, masekondi atatu aja sakwanira kufunafuna mnzako mpira uli kale m'manja, ndiye phunziro loyang'ana paphewa liwakhudza mofanana ndi anyamata. Womenya penate nayenso asankhe kona asanayambe kuthamanga, ayang'anepo, kenako maso pampira, osasinthanso maganizo m'njira.

Chachisanu ndi chimodzi: samalani chiwiya chenichenicho

Ubongo wotopa umaona mochedwa. Zophunzira zatsopano zikhale kumayambiriro, ana akadali ndi mphamvu. Zimene azidziwa kale muzibwereze kumapeto atatopa, chifukwa m'masewero enieni zigoli zambiri zopusa zimalowa chakumapeto. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, dzuwa likamaswa mtengo, imitsani masewero pafupipafupi kuti amwe madzi, ndipo mufunse ngati adya. Mwana amene wachokera kusukulu ndi njala sangaike mtima pa zimene mukumuphunzitsa.

Ena saona bwino ndithu, ndipo sazidziwa, popeza anakula choncho. Mukaona mwana amene amatsinzinira poyang'ana kutali, kapena amene nthawi zonse amaphonya mipira yam'mwamba, muimikeni patali ndi bolodi, atseke diso limodzi ndi chikhatho, awerenge zilembo, kenako linalo. Ngati pali kusiyana ndi anzake, kambiranani ndi makolo apite naye akapimidwe maso. Ku Queens kuli chipatala cha maso cha Lions.

Chomaliza ndi kugundana mitu, kapena kugwa n'kumenyetsa mutu pansi. Mwana akadzuka akudzandira, akudandaula mutu kapena chizungulire, akuona zinthu ziwiriziwiri, kapena akulephera kuyankha kuti tikusewera ndi timu yanji ndipo tili m'chigawo chiti, mutulutseni nthawi yomweyo. Asabwererenso m'bwalo tsiku limenelo, ngakhale alire, ngakhale akhale wogoletsa wanu yekhayo pa ndime yomaliza ya chikho. Kumuthira madzi kumutu sikuchiza ubongo umene wagwedezeka, ndipo kugundidwa kachiwiri usanachire n'koopsa kwambiri. Musamusiye apite yekha kunyumba. Mukawafotokozere makolo ake zimene zachitika kuti akaonedwe ndi achipatala, ndipo ngati anakomoka, akusanza, akugona tulo tosadzutsika bwino kapena mutu ukunkira kupweteka, muthamangire naye kuchipatala osadikira kuti kuche. Adzayambirenso kusewera pang'onopang'ono, zizindikiro zonse zitatha ndipo achipatala atavomereza.